Nsapato za a Sawatcha

Tsiku limene mwini hotela anabwera ndi alendo ake, mlonda wapakhomo, amene anthu amangowatcha a Sawatcha, anatukula chifuwa, kukweza dzanja, n'kumenya phazi pansi monga mwa masiku onse. Koma m'malo mwa "Takulandirani bwana," pakamwa panatuluka "Mayo ine!" Munthu wamkulu ndi ndevu zake anakakhala mumphika wa maluwa, chipewa chili uko.

Wolakwa anali chala chachikulu chakuphazi. Chikhadabo chinali chitalowa m'mnofu, chala chitatupa, mafinya ali tho.

A Sawatcha ntchitoyi anaipeza pamodzi ndi yunifomu ya mlonda amene anapuma pantchito, bambo wa timapazi ngati ta mwana wasukulu. Jekete linawakwana, nsapato ayi. Zala zinkapanikizana ngati anthu m'minibasi. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde ndi lezala, kukumba m'mbali mwa chikhadabo, akazi awo atagwira beseni la madzi amchere. Chikhadabocho chinkangobwerera ngati mlamu wa ulova.

Za mumphika wa maluwa zitamveka mpaka kumsika, akazi awo anawakokera kuchipatala, kwa dokotala woona za mapazi.

"Ndani wakhala akusema chala chimenechi?" anafunsa dokotala.

"Mayi akunyumbawa," anatero a Sawatcha, maso ali kudenga.

"Inu bambo a ana, Mulungu akukuonani! Ine yanga ndi beseni."

Dokotala anabaya jakisoni wa dzanzi, kudula mbali yolowa m'mnofuyo, n'kupaka mankhwala kuti isamerenso. "Chikhadabo muzidula mowongoka, osakumba m'makona. Muvale patapata mpaka bala lipole. Nsapato zothinazo mukataye, apo ayi chala cha phazi linalo chitsatira."

Kapitawo wakuhotela atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Patapata pakhomo la hotela? Achimwene, ofuna malo anuwo ndi ambiri kunjaku. Nsapato zatsopano timagawa chaka chamawa."

Ana kunyumba sadya malangizo a dokotala. M'mawa mwake a Sawatcha anakankhira bandeji yense m'nsapato ija, misozi ili m'maso. Masiku ano sawatcha amachita ndi dzanja lokha, phazi amaliika pansi ngati mphaka poponda madzi. Chala cha phazi linalo chayamba kale kufiira.

Mayi oyandikana nawo nyumba, akuyanika zovala, anawaona akutsimphina ndi lezala m'manja.

"Aneba, musavutitse dokotala. Chala anachiza. Wodwala ndi nsapatoyo, ndipo inu mumwalira musanaivule."