Galasi la Rute

Ntchito yauphunzitsi inandipeza ndili ndi khasu m'manja. Ndinali pa maricho, ganyu wopalira fodya wa eni pa famu ina cha ku Centenary, pamene ahedi a sukulu ya pafamupo anatuma uthenga kuti mphunzitsi wa sayansi wawathawa. Pakomboni ponse ndine ndekha ndinakhoza sayansi ya Fomu 4. Ndinavomera ndisanasambe n'komwe.

Kalasi yathu inali shedi yakale yosankhiramo fodya. Maikulosikopu inali imodzi, ya kalilole, yodalira dzuwa la pakhomo. Phunziro la maselo ndinkalikonda koopsa. Mwana ankatsuka m'kamwa, n'kupala mkati mwa tsaya ndi kamtengo koyera, n'kupaka pagalasi. Tinkadonthezapo mankhwala abuluu n'kuvundikira ndi kagalasi kopyapyala. Akasuzumira ankaona timaselo tophwatalala ngati mamba a nsomba, kalikonse kali ndi khungu lake ndi kadontho kakuda pakati, nyukiliyasi. Ndinkawauza kuti thupi lonse linamangidwa ndi timeneti, ndipo kadonthoko kamasunga malangizo a mmene mwiniwake alili.

Ahedi anandichenjeza. "Anthu anu a pakomboniwa mukuwadziwa, madamu. Malovu a mwana wa mwini si choseweretsa." Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinawayankha kuti anthu anga si mbuli.

Galasi la Rute, mtsikana wa Fomu 1, linaoneka bwino kuposa onse, moti kalasi yonse inachita mzere. Anapempha kuti akaonetse amake, koma lamulo linali loti magalasi asatuluke, poti anali ochepa. Sabata yotsatira Rute anadwala malungo aakulu, n'kumwalira pa njira ya kuchipatala.

Maliro asanathe nkhani inali ponseponse kuti aphunzitsi anatenga malovu a mwanayo. Ku mjigo azimayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika. Ana anasiya kubwera. Ahedi anandiuza mosabisa kuti amake Rute akangodandaula ku komiti, ntchito yanga yathera pomwepo.

Tsiku lina masana amake Rute analowa m'shedimo okha. Ndinali nditakonzeka kukangana nawo. Ndinapala tsaya langa iwo akuona, mwaphuma mpaka ndinaswa kagalasi kamodzi, ndipo ndinawauza kuti asuzumire aone ufiti wangawo. Anasuzumira nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati n'zoona kuti m'kadonthomo muli za munthu yense. Ndinati inde, khungu lake, mpata wa mano, zonse.

"Ine sindinabwerere za ufiti," anatero. "Rute anandiuza kuti anadziona yekha m'menemu, akuti anakongola. Chithunzi chake ndilibe ngakhale chimodzi. Ndipatseni galasi lakelo."

Galasilo linali litatsukidwa tsiku la phunziro lomwe lija pamodzi ndi anzake, monga mwa masiku onse, madzi n'kutayidwa kuseri kwa shedi. Ngakhale kuloza kuti ndi ili sindikanatha. Ndinawauza choncho. Anangoti zikomo aphunzitsi, anamanga chitenje, n'kutuluka.

Ku komiti sanapite, ndipo ntchito sinathe. Koma zimandiwawabe mpaka lero, kuposa zidebe zija za ku mjigo.

Masiku ano ndimayamba ndaitana makolo kuti asuzumire okha. Magalasi ndimagula ndekha. Galasi la mwana aliyense ndimaliumitsa, kulimata m'mbali ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo, kulembapo dzina, n'kumupatsa kuti apite nalo kwa amake.