Galasi Loyang'ana Kukhoma

Mumzinda wa Zarqa, mayi akafuna kuti tepi yakale ya ukwati isamutsidwire pachimbale, anzake ankangomuuza kuti, "Pitani kwa Abu Rasha, aja otembenuza galasi." Abu Rasha ndiye kuti bambo a Rasha. Dzina lawo lenileni linali a Fawaz, koma ankalikumbuka ndani? Kashopu kawo kanali kuseri kwa msika wa nsalu, kopanda windo, kothina moti mukalowa awiri wachitatu ankalankhulira pakhomo.

Paukwati wa kumeneko amayi amavina paokha, mipango atavula, tsitsi lili pamtunda, ndipo tepi ya chipinda chimenecho mwamuna saiona, olo akhale mwini ukwati. Ndiye a Fawaz anali ndi kachitidwe kawo. Mwini tepi ankasuzumira pagalasi la kompyuta poyambirira, akati "zikuoneka", iwo n'kulitembenuzira kukhoma. Tsono tepi sithamangitsidwa. Ya maola atatu imafuna maola atatu, munthu uli pompo. Zaka khumi ndi zisanu bambo ameneyu wakhala pampando umodzi, maso ali pamawaya, kumvetsera ng'oma ndi nthungululu za eni.

"Abu Rasha, khoma lanu lavina bwanji lero?" ankawaseka choncho a Mazen, ogulitsa khofi pafupi nawo.

"Kuposa iwe paukwati wako," iwo ankayankha, osaseka n'komwe.

Akazi awo, a Ibtisam, anamwalira chaka chathachi. Chilimwe chino mwana wawo Rasha akukwatiwa, ndipo m'mawa wina kunabwera a Nawal, akulu ake a malemuwo, atanyamula tepi yokulunga m'thaulo.

"Alamu, ndaipeza pansi pa sutikesi. Ndi ya ukwati wanu, ya kwa amayi. Ndikufuna Rasha aone mmene mayi ake ankavinira."

A Fawaz anaitembenuza m'manja. Inali itachita chuku, mkati monse mbuu. Anaipukuta mmene akanathera, koma matepi otere ankawadziwa: imayenda kamodzi, kachiwiri n'kunyenyeka. Ndipo iwo, mwini mkazi, anali asanaionepo chikwatirire.

Tepi italowa m'makina, a Nawal anasuzumira pagalasi. "Zikuoneka. Tembenuzani." Kenaka anakonza mpango wawo. "Ine ndikagule ulusi, ndichedwako ndithu. Inuyo alamu sindikukayikani."

Mawu amenewo ndi amene anawamanga manja. Akanangoopsezedwa bwenzi zili bwino!

Ng'oma inayamba. Patapita kanthawi, pakati pa phokoso lonselo, anamva mawu amene akanawazindikira ngakhale pamsika: "Iwe Nawal, usajambule kumapazi! Nsapato zandiluma, ndavula!" Ndiye kuseka kwake kuja, kotsamwa nako. Ha! Kani anavina opanda nsapato? Zaka makumi atatu m'nyumba imodzi, osawauza. A Fawaz anaseka, misozi ili chuchuchu.

Dzanja linapita lokha n'kukagwira m'mphepete mwa galasi. Kulikankha pang'ono chabe, basi, akanamuona Ibtisam wawo ali mtsikana. Anamusowa, anamusowa koopsa. Koma m'chipinda chimenecho munalinso a Nawal, munali akazi a Mazen, munali amayi a mumsewu wonse, ena lero ndi agogo opemphera kwambiri. Anabweza dzanja. Analitumanso, n'kulibwezanso. Anafuna kutuluka kuti akapume, koma tepi yodwala suisiya yokha. Mapeto ake anakhalira manja onse awiri ngati mwana wa sukulu, thukuta lili kamukamu, mpaka makina analira kuti tha.

A Nawal anafika tepi itasamutsidwira kale pachimbale. Anakhala kumbali ya khoma komwe galasi linayang'ana, n'kuyatsa chimbalecho. Ng'oma inamveka. Iwo anayang'anitsitsa pagalasi.

"Alamu," anatero kenaka, "poyamba pali mipando ndi mbale za maswiti. Kuchoka apo ndi timadontho tokhatokha, ngati mvula. Palibe munthu."

A Fawaz anatsegula makina. Chuku chinali chitamata pomwe makinawo amawerengera zithunzi, mawu okha ndiwo ankadutsa. Akanaona, akanaimitsa n'kupukuta, ntchito ya mphindi ziwiri. Anasolola tepi ija. Inatuluka yokwinyikakwinyika, ufa wakuda ukuyoyokera pathebulo.

"Ndiye kuti maola onsewa simunayang'ane?" anafunsa a Nawal. "Olo kamodzi?"

"Olo kamodzi, alamu."

A Nawal anapukusa mutu.

"Aaa, inunso! Munthu wanji inu? Mumayesa ine ndinachokeranji pano? Ulusi kunyumba ndili nawo wodzaza kabati."