Agogo a Anyamata a pa Paraje

Profesolo wanga ku Tete ankakhulupirira kuti pali umphawi pali gulu la achifwamba, ndipo pali gulu pali bwana wake. Ananditumiza ku Furancungo ndi mawu amodzi: "Ukampeze bwanayo, apo ayi digiri uiwale."

Gululo sindinavutike kulipeza. Pa paraje, pomwe maminibasi otchedwa mashapa amaima, panali anyamata osowa kwawo, osenza matumba a mbatatesi. Thumba likakwera pamsana pawo linkafika litaonda. Amayi a mumsika ankawatukwana tsiku ndi tsiku, koma powaitana ankati, "Adzukulu inu!"

Mtima wanga unadumpha. Adzukulu! Ndiye kuti kuli agogo. Ine wokulira m'tauni, mabuku atandidzaza mutu, ndinaimbira profesolo kuti bwanayo wabisala kuseri kwa dzina la agogo. Anakondwa ngati wapeza mbuzi yotayika.

Ndinayamba kuwanyengerera. Ndinawagulira zitumbuwa, ndinasewera nawo bawo, ndinayesanso kusenza thumba mpaka linandigwetsa chagada pakati pa msika, anthu n'kufa nalo phwete. Wamkulu wawo, mnyamata wamtali wa dzino lobenthuka, ndinkamufunsa monong'ona kuti agogo ndiwaona liti.

"Musathamange magazi, a dotolo," ankatero monyogodola sukulu yangayo. "Dzinja lino agogo sasowa."

M'mawa wina anandikodola. "Tiyeni, afika." Anandipatsa khasu, ine n'kumaganiza kuti ndi mwambo wa gulu. Tinatulukira kumanda. Pansi pa mtengo panali mtembo wokulunga mumphasa, wa bambo wina amene anabwera kudzagwira ganyu ya fodya n'kufera pakhonde la sitolo. Kwawo palibe ankakudziwa.

"Agogo ndi awa," anatero wa dzino lobenthuka uja, akuloza mtembowo.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira zimene mwana aliyense wa kumudzi amadziwa, kuti adzukulu ndi okumba manda. Ndinapsa mtima, manyazi pamwamba.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Zitumbuwa zikanatha," anatero, anzake n'kuseka chapansipansi. Kenako nkhope inasintha. "Wopanda wake ndi wathu, a dotolo. Ifenso tikadzagwa, kumudzi sikudzachokera munthu. Kumbani."

Ndinakumba mpaka manja anachita matuza, ndipo chisoni chinandigwira chifukwa cha munthu amene sindinamuonepo ali moyo.

Madzulo profesolo anaimba kufunsa ngati bwana uja ndamuona. Ndinadziwa kuti yankho langa lipita ndi digiri, koma lina ndinalibe. Ndinati ndawaona, tawaika masana.