Chitenje Chonyowa pa Makina Okumba

Mkazi wanga anachoka pakhomo pano chifukwa cha mawu amene ndinayankhula nditaimirira pambali pa makina okumba ndalama. Ndiyambe ndi makinawo, poti ndiwo osavuta kuwafotokoza.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi mawailesi pa kakhumbi kena pafupi ndi msika wa ku Mfuwe. Makinawo anandisiyira mzungu wina amene ankaika magetsi a dzuwa m'malo ogona alendo odzaona nyama. Pobwerera kwawo anati ndi akale, sangavutike kuwakweza ndege. Anandiphunzitsa masana amodzi okha. Ndi chibokosi chachitsulo, kutalika kwake kuchokera pachigongono kufika kuzala. Mkati muli mabolodi atatu, ngati timatabwa tamawaya, odzaza tizida ting'onoting'ono tamagetsi totchedwa timatchipisi, ndipo pa tchipisi chilichonse anamatapo kachitsulo ka mano ngati chipeso, kochotsa kutentha. Kutsogolo kuli fani yokoka mpweya, kumbuyo kuli fani ina youtulutsa. Ukalumikiza ku magetsi ndi ku intaneti, makinawo amangowerengera masamu osapuma, ndiye eni ake a masamuwo amakuponyera nyenyeswa za bitikoini, ndalama ya pa intaneti, m'foni. Kumeneko ndiye akuti kukumba.

Anthu atamva kuti ndili ndi makina okumba, ena anabwera kudzaona dzenje. Mkulu wina anazungulira nyumba yonse, kenaka nkundifunsa kuti dothi ndikutaya kuti. Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira nthiti. Iyeyo makinawo ankawatcha mlendo, chifukwa anatilanda chipinda, amadya magetsi osatopa, ndipo amalongolola kuyambira mmawa. Phokoso lake, abale inu, ngati chigayo chili m'nyumba. Koma ankawasamala. Ankasesa chipindacho atawaza madzi pansi kuti fumbi lisabuke, ndipo magetsi akazima nkubweranso ndiye ankanditumizira uthenga kuti mlendo wadzuka, kagetsi kake nkobiriwira.

Tsopano ndinene za mwana. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, ndipo mpaka lero mkazi wanga ndimamutchula ndi dzina la mwanayo, amake uje, monga timachitira. Anatisiya ali ndi zaka zitatu, nthawi ya dzinja, tikukhala ku Mnkhanya kwawo kwa mkazi wanga. Ine ndinali ku Chipata kokagula zida za mafoni. Mwana anatentha thupi, mtsinje unali utadzaza, kuchipatala kosawolokeka. Amake anachita zimene mayi aliyense kuno amachita: ananyowetsa chitenje nkumamufunditsa, chikauma nkunyowetsanso, kudikira madzi aphwe. Madzi anaphwa mawa lake. Mwana anathera panjira, ali kumsana. Zaka zisanu ndi chimodzi zinapita ine osanenapo kanthu za tsiku limenelo, ndipo ndinkadziyesa munthu wabwino chifukwa chokhala chete.

Mwezi wa Okutobala m'chigwa muno aliyense akuudziwa. Ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinaona kuti mafani adzaza fumbi, ndiye ndinawamasula onse awiri, ndinawapukuta ndi kabulashi kopentera, nkuwabwezera. Ndinkachita mothamanga chifukwa anzanga ankandidikira ku mpira. Ndinayatsa, mafani anazungulira, phokoso linamveka lomwe lija, ine uyo ndapita.

Lolemba mmawa ndikumwa tiyi ndinayang'ana pafoni, poti foni imaonetsa mmene makina akutenthera. Manambala anali ofiira. Ndinanena mocheza kuti, “Amake mwana, mlendo wanu uja watentha thupi lero. Muzimuyang'anira.” Ndinatero ndi pakamwa pangapa, nkukwera njinga kupita kuntchito. Ndinkati ndi dzuwa chabe, ndidzaona masana.

Cha m'ma fotini awazi foni inasiyiratu kuwaona makinawo. Ndinatseka kakhumbi nkupalasa ngati wopenga. Ndisanalowe m'nyumba ndinamva kale fungo la pulasitiki yopsa. M'chipindamo ndinapeza kagetsi kofiira kakuphethira, ndipo pamwamba pa makina panali chitenje chonyowa, chopindidwa bwinobwino, beseni la madzi lili pambali. Mkazi wanga anali atagwada pomwepo, akupepesera ndi chivindikiro cha ndowa.

Mutu unangoti waa. Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo ndimazidziwa, koma tsiku limenelo ndinapyola. Ndinazula chingwe pakhoma, ndinaponya chitenje chija pakhomo, nkuyamba kukalipa kuti ndani anamuuza kuti magetsi ndi madzi zimayenderana. Iye anati, “Ndinafinya kwambiri, bambo a mwana. Ndipo ndasiya kukamwa ndi kumbuyo kuti azipuma.” Mawu amenewo ndiwo anandipsetsa mtima koposa. Chikwatirane ndinali ndisanamutchulepo kuti iwe, koma ndinamuloza chala nkunena kuti, “Iwe ndi nsanza zako zonyowazi! Mwana unamupha chomwechi, lero wapha makina!”

Sanalire. Anadzuka, anatola chitenje chija, anakachiyanika pachingwe panja, nkutaya madzi a m'beseni pa mtengo wa papaya. Madzulo anaphika, anandiikira madzi osamba monga mwa masiku onse. Mmawa mwake ndikupopa njinga anatuluka ndi kachikwama, anagwada patali pang'ono nkunena kuti, “Ndikukaona amayi.” Ine ndinangoti chabwino, osatembenuka nkomwe. Ndinali ndikadali wolungama m'maso mwanga.

Masabata atatu makinawo sindinawakhudze. Ndinkati ndikudziwa kale chimene ndikapezemo, dzimbiri ndi madontho a madzi. M'nyumba munali zii, mopanda phokoso la makina, mopandanso wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndinkadya mabanzi ndi tiyi ngati mbeta ya pamsika. Ndinamuimbira kawiri, foni yake inali yozima, ndipo ndinkadziuza kuti ku Mnkhanya kochajira nkovuta.

Tsiku lina kunalibe makasitomala, ndiye ndinanyamula makinawo kukawatsegulira pa benchi yanga. Ndinayamba monga ndimayambira chilichonse. Ndinayeza chibokosi chopereka magetsi ndi mita, chinali bwino. Zingwe zonse zinali bwino. Ndinasolola bolodi yoyamba, youma. Yachiwiri, youma, fumbi lake lili mbuu, losakhudzidwa ndi dontho ngakhale limodzi. Aliyense wokonza mafoni amadziwa mmene fumbi limaonekera likanyowa nkuuma, limachita zikang'a. Apa panalibe. Posolola yachitatu ndinamva kanthu kakugubuduka. Tizitsulo tiwiri ta mano tija tinali titamatuka, kamodzi kanagwera pa mawaya a bolodi nkuwotcha malo akuda bii. Guluu wake amasungunuka pokhapokha makina atatentha nthawi yayitali.

Ndinachotsa bolodi yopsayo, ndinayatsa makina, nkulowa pafoni pamene amasunga mbiri ya zimene zakhala zikuchitika. Chingerezi chake nchovuta, koma manambala ndi nthawi ndimawerenga. Kutentha kunayamba kukwera Lamlungu masana, ine ndili ku mpira. Makina anadzizimitsa okha nkudzukanso kambirimbiri mpaka kucha. Chitenje chinabwera zinthu zitaonongeka kale. Ndipo cha m'ma leveni Lolembalo manambala anatsikako pang'ono. Nthawi imeneyo iyenera kuti ndi imene mkazi wanga anafunditsa.

Ndinatuluka panja, ndinatola nthenga ya nkhuku. Nditaiika pa fani ya kutsogolo, inakokedwa nkumatirira. Nditaiika pa fani ya kumbuyo, imene imayenera kuiuluzira kutali, nayonso inaikoka nkumatirira. Mayo ine! Mafani onse awiri ankakankhira mpweya mkati, wotentha osowa kotulukira. M'mbali mwa fani muli kamuvi kakang'ono kosonyeza kumene mpweya ukupita. Kamuvi ka fani ya kumbuyo kankaloza mkati. Ndinaibwezera chagada ndi manja angawa, pothamangira mpira. Ndinakhala pansi pa benchipo, ndipo mayi wina amene anabwera ndi foni yosweka anandifunsa ngati ndamva uthenga wa maliro.

Mukuganiza kuti ndinanyamuka tsiku lomwelo? Ayi ndithu. Ndinataya sabata ina yathunthu ndikukonza, ati ndikafike ndi nkhani yabwino yakuti mlendo wachira. Ndinatembenuza fani, ndinamata tizitsulo tina timene tinkagwedera, ndipo makina anayamba kukumba ndi mabolodi awiri, kagetsi kobiriwira. Zoona zake nzakuti ndinkachita manyazi, ndipo kukonza makina kunali kosavuta kusiyana ndi kupalasa njinga kupita ku Mnkhanya.

Ndinapita Loweruka mmawa. Ndinamasulanso fani ija nkuiika m'chikwama, ngati umboni wopita nawo kubwalo. Msewu unali fumbi lokhalokha, mitsanya ilibe tsamba, ndowe za njovu zili mbwee pafupi ndi mitengo ya mango. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Apongozi anga aakazi anandiona ndikutsika njinga. Ndinagwada patali monga mwa mwambo, tinapatsana moni, iwo akuyang'ana kumbali. Anatumiza mpando pansi pa mango, nkulowa m'nyumba osatulukanso.

Mkazi wanga anabwera kuchokera kumunda kumene ankasosa, khasu lili paphewa. Anali ataonda. Anandipatsa madzi akumwa atagwada, nkukhala pamphasa chapatali.

“Mwaswera bwanji, amake mwana?”

“Ndaswera, kaya inu.”

Ndinatulutsa fani ija. Ndinamuonetsa kamuvi, ndinafotokoza za nthenga ya nkhuku, za fumbi louma, za manambala amene anatsika iye atafunditsa. Ndinayankhula nthawi yayitali, ngati ndikufotokozera kasitomala. Pomaliza ndinati, “Si inu munaononga makina aja. Ndine. Chitenje chanu chinathandiza kumene. Ndinalakwa, ndikhululukireni, tiyeni kunyumba.”

Anatenga faniyo, anaizunguza ndi chala kamodzi, nkuiika pamphasa.

“Ndamva,” anatero. “Makina mwawatsegula, mwapeza kuti si ine. Nanga mwana uja mudzamutsegula liti?”

Ndinati anali mawu a mkwiyo chabe, sindinkatanthauza. Iye anapukusa mutu.

“Mawu a mkwiyo satuluka msanga chomwecho, bambo a mwana. Amene aja anali okonzeka kale, munangowasunga. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ndekha, kuti mwina ndikanalowa m'madzimo ndi mwana kumutu, mwina chitenje chija chinamuzizira kwambiri. Palibe tsiku limene sindidzifunsa. Chimene chinkandilimbitsa nchakuti inu simunanenepo. Ndinkati bambo ake akudziwa kuti ndinayesetsa.”

Ndinalira pamenepo, bambo wamkulu, pakhomo pa apongozi. Ndinamuuza chimene ndinali ndisanauzepo munthu, kuti ulendo wa ku Chipata uja ndikanatha kubwerera tsiku lomwelo koma ndinagonako chifukwa cha macheza, ndipo kumuda iye mumtima kunali kopepuka kusiyana ndi kudzida ndekha. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanandinyoze, sananditonthozenso. Anangoti dzuwa likukwera, ndinyamuke lisanafike pamutu. Anandikankhira njinga mpaka pamphambano, monga timaperekezera mlendo, nkundibwezera fani yanga.

Ankhoswe anayendapo kawiri. Yankho limabwera lomwelo, lakuti mkazi wanga sakukana ukwati koma mtima sunakhale pansi, ndipo palibe angauuze tsiku. Mvula yagwa nkusiya kawiri chichokereni. Makina aja akadali m'chipinda muja, amakumba ndi mabolodi awiri, ndipo ndikapukuta mafani ndimayesa ndi nthenga ndisanachoke. Zimene amakumbazo sindiziyang'ananso kawirikawiri. Ndimawayatsa kuti m'nyumba muzimveka kanthu.

Katundu wake wotsala ndinatumiza ndi ankhoswe, iye atapempha: mapoto awiri, nsapato, yunifolomu ya chigwirizano cha amayi. Chitenje chija sanachitchule, ndipo ine sindinachiike m'thumbamo. Ndinachichotsa pachingwe, ndinachichapa, chili chopinda m'sutikesi. Ndicho chinthu chake chokha chatsala pakhomo pano, ndipo ndimaopa kuti ndikachitumiza sadzakhalanso ndi choti adzatenge.