Hita yobwereka inaphika nsomba za malemu

Inu owerenga, ndinavomera kusamala chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Ndinali namwino pa chipatala china ku Wakefield, kutsidya kwa nyanja. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, a Nachisale, amuna awo pomwalira anawasiyira thanki yagalasi ya nsomba zokongoletsa m'nyumba. Bambowo ankazikonda ngati ana awo. Popita kumudzi kukamangitsa chiliza, mayiwo anandisiyira makiyi kuti ndizikazidyetsa.

Chisanu chitafika, ndinapeza nsomba zangoti duu pansi, chakudya osachiyang'ana. Kanyali ka hita yotenthetsa madzi kankayaka ndithu, koma nditapisa chala, madziwo anali ozizira kwambiri. Hita inali itafa.

Kusitolo ya ziweto anandifunsa kuti thankiyo imalowa malita angati. Sindinkadziwa, ndipo ndi manyazi ndinangotuluka. M'malo mokayeza, ndinakadandaulira a Gondwe, mkulu wa mpingo wosasowa yankho pa chilichonse. Anandipatsa hita yawo yakale, yaitali ngati mkono, ya thanki yaikulu kwambiri.

"Yaikulu ndiye yabwino, Sisita. Ingoikani," anatero.

Ndinaika n'kuthamangira basi ya kuntchito. Hita yabwino imazima yokha madzi akafunda, koma iyo sinkazimanso. Nditaweruka ndinapeza madzi ali otentha ngati osamba, nsomba zonse zili chagada pamwamba.

Ndinagula khadi yoimbira foni kumudzi n'kuulula zonse. A Nachisale sanandikalipire. Anangoti, "Chabwino, mayi," n'kudula foni. Atabwerako anatuma munthu wina kudzatenga makiyi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi a Gondwe. Pamaso pa anthu anati iwo anangobwereketsa, woika ndine. Akulalikirabe mpaka lero, pamene ine azimayi amanong'onezana ndikamalowa.

Abale anga, musanagule hita, dziwani malita a thanki yanu, ndipo ogulitsa akusankhireni ya mphamvu yolingana nayo. Yaing'ono imalephera m'chisanu, yaikulu ikalephera kuzima imapha msanga. Ikani choyezera kutentha chapadera m'madzimo, musakhulupirire kanyali. Mukaika yatsopano, musachoke musanaione ikuzima yokha. Yakale ya mwini ikaneni, ngakhale wokupatsaniyo akhale wa udindo wotani. Zikavuta iye amakagona tulo tabwino, wokauza namfedwa mumakhala inu.