Motoka Zitatu ndi Gulu la Munthu Mmodzi

Chaka chimene ndinakwera ndeke koyamba ndinkagwira ntchito yotayipa pa kampani ina ya boma m'tauni ya Lusaka, ndipo ndinkakhala ndi amayi ku Kabwata. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkangotulukira m'masitolo mwadzidzidzi n'kusowanso tsiku lomwelo. Tsiku lina bwana wanga anandiitana n'kundiuza kuti andisankha kupita ku London kukawonjezera maphunziro a ntchito yanga. Ndinathokoza mwaulemu, ndinatuluka pang'onopang'ono ngati munthu wozolowera zoterezi, kenako ndinakadzitsekera m'chimbudzi n'kuvina ndekha.

Ulendo wautali umene ndinali nditayendapo unali wa ku Chipata basi. Choncho akazi a bwana atandiitana kwawo ku Kabulonga kuti akandilangize, ndinapita nditavala diresi la kutchalitchi. Iwo anali atafikako ku London, ndipo ankalankhula za mzindawo ngati anausiya pakhonde pawo.

"Kuja sikuli monga kuno," anatero akundithirira tiyi. "Zonse ni kukonzelatu. Choyamba, motoka yokupeleka ku eyapoti uipeze lelo, osati mailo. Ndeke si basi, siyembekeza munthu. Chachiwili, osabwela kuno osaona myuziyamu. Koma uyambe wawauza kuti ubwela. Ukangofika chabe, uzabwelela pa geti."

Sindinafunse kuti mu myuziyamumo muli chiyani. Ndinangomva za kubwerera pa geti, ndipo manyazi a kubwezedwa pa geti ya m'dziko la eni anandigwira ndisananyamuke n'komwe.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro ndinapita ku positi ya m'tauni kukaimba foni ya kunja, ndi nambala imene akazi a bwana anandipatsa. Masiku amenewo unkapempha foniyo pa kauntala, n'kukhala pa benchi kudikira kuti akuitane. Atandiitana ndinalowa m'kabokosi kamene chitseko chake sichinkatsekeka, moti aliyense wa pa benchi anali mboni.

Mawu a mzimayi wa ku myuziyamu ankamveka ngati akulankhulira pansi pa chitsime. Ndinakuwa dzina langa. Ndinakuwa tsiku limene ndinkafuna kudzabwera. Kenako anafunsa funso limene ndinangomvako chiyambi chake, chotsala chinamezedwa ndi phokoso la m'waya. Ndinaganiza msanga. Kulikonse kumene ndinapitako m'moyo wanga, akakufunsa dzina amakufunsanso zaka.

"Makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi!" ndinakuwa m'Chingerezi changa cha pa ofesi.

Kenako mzimayiyo anafunsa mokondwa ngati zonsezo n'za ku Zambia. Ndinayankha kuti inde, zonse, monyadira ndithu, chifukwa zaka zanga zonse ndinakhaliradi ku Zambia. Anati zakoma kwambiri, adzakonza zonse. Foni inaduka.

Nditatuluka, bambo wina wachikulire wa pa benchi anapukusa mutu. "Koma azungu," anatero, "ngakhale kukatamba chabe vinthu vakale, afunsa zaka?"

Nkhani ya myuziyamu ndinaiona kuti yatha bwino, ndiye ndinatembenukira ku nkhani ya motoka. Woyamba kumupempha anali ba mulamu, amuna a mkulu wanga, amene ankakhala ku Chelstone. Anali ndi kamotoka kobiriwira kamene ankakaimika pamtsetse nthawi zonse kuti kasavute podzuka. Anavomera ndisanamalize kulankhula, ndipo anati zikanakhala zonyoza banja kuti ndipemphe wina. Koma nditabwerera kunyumba ndinakumbukira tsiku la ukwati wa msuweni wathu, pamene tinakankha kamotokako tili m'zovala za ukwati. Ndinapita kwa bwana n'kupempha motoka ya kampani, osawauza ba mulamu.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti amayi nawonso anali ndi nkhawa zawo. Iwo sankakhulupirira kamotoka ka mpongozi wawo, komanso ankati za kampani zimasintha bwana akadzuka molakwika. Motero anapita okha kwa ba cheyamani a chipani m'dera lathu, amene ankatha kupeza lole pa maliro ndi pa misonkhano. Ba cheyamani anati mwana wa m'dera lawo kupita kunja ndi chitukuko, ndipo chitukuko sichiperekezedwa mwakachetechete.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinali ndikumanga tsitsi pamene ndinamva hutala. Anali ba mulamu, atavala tayi, kamotoka katapukutidwa mpaka kuwala. Sanazimitse injini. Ndisanawapatse moni, motoka yoyera ya kampani inaima kumbuyo kwawo, dalaivala n'kutuluka ndi kapu yake. Awiriwa anayang'anana. Asanalankhulane, kunamveka nyimbo kuchokera kumsewu, ndipo lole inakhota pakona itadzaza amayi a m'dera lathu atavala zitenge zofanana, ba cheyamani ali kutsogolo.

"Nanga izi ni zichani, mulamu?" anafunsa ba mulamu. "Nachoka ku Chelstone, pafupi na eyapoti pamene, kubwela kuno kukutengani. Petulo yovuta so. Kansi munanitenga monga wa sipeya?"

Dalaivala wa kampani anati iye watumidwa ndi ofesi, ndipo akabwerera wopanda munthu adzafunsidwa mafunso. Ba cheyamani anatsika, anakonza jekete, n'kunena kuti palibe munthu kapena kampani imene ili pamwamba pa chipani. Ine ndinaima pakhomo ndi chipeso m'manja, thukuta likuwononga paudala.

Amayi ndi amene anaweruza mlanduwo, ndipo anaweruza ngati munthu wogawa nkhuku imodzi pa alendo ambiri. Ine ndikwere ya kampani, chifukwa kampani ndi imene yandituma. Sutikesi ikwere kwa ba mulamu, chifukwa katundu wa munthu amasungidwa ndi abale. Iwo eni, monga kholo, akwera lole pamodzi ndi chipani. Aliyense anatsala ndi kachidutswa ka ulemu. Ba mulamu anaika sutikesi pampando wakutsogolo n'kuitsekera chitseko mosamala.

Tinanyamuka mondondozana, kudutsa m'tauni n'kulowa msewu wa ku Chipata. Ndinkayang'ana kumbuyo pafupipafupi kuti ndione ngati kamotoka kobiriwira kafa. Sikanafe. Kanatipitirira kakufuka utsi, ba mulamu atayang'ana kutsogolo ngati satidziwa. Titafika pa eyapoti tinawapeza ataima pambali pa sutikesi, manja atapinda pachifuwa.

Lole ndi imene sinafike.

Poyamba sindinadandaule kwambiri. Ndinapita pa kauntala ndi tikiti yanga, ndipo mtsikana wa pamenepo anapempha pasipoti. Ndinatsegula chikwama cha m'manja. Ndinachitsegulanso. Kenako ndinakumbukira kuti kuyambira tsiku limene pasipotiyo inatuluka, amayi anailanda kuti ndingaitaye, ndipo ankaisunga m'kathumba kamene ankamanga m'chiuno mkati mwa chitenge.

Dalaivala wa kampani sanadikire kuti ndimufotokozere kawiri. Tinabwerera ndi msewu womwewo, ine mutu uli pawindo. Lole tinaipeza itaima pafupi ndi masitolo ena tisanafike m'tauni, mulibe munthu aliyense kupatula ba cheyamani amene anakhala kutsogolo akudzipepeza ndi chipewa.

"Saladi," anatero asanafunsidwe. "Anaona laini. Nakamba nawo, koma sananimvele."

Mzere unali wautali, wozungulira sitolo. Amayi onse a zitenge zofanana anali mmenemo, ndipo amayi anga anali pakati, pamalo abwino ndithu.

"Amayi! Pasipoti!"

Anandiyang'ana ngati ndine amene ndasochera. Kenako anagwira m'chiuno, maso anatuluka, n'kuyamba kumasula mfundo. Mfundoyo anaimanga kuti mbala isaimasule, ndipo inakana ngakhale mwini wake. Mayi wina wa kumbuyo kwawo anathandiza ndi mano.

"Tiyeni, amayi, nthawi yatha," ndinatero pasipoti ili m'manja.

Amayi anayang'ana motoka, anayang'ana chitseko cha sitolo, anayang'ananso ine. Kunyumba tinali titadya ndiwo zowiritsa kwa nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, "ndeke ija ngakhale nibwele sinizakwela. Gwada apa."

Ndinagwada pafumbi ndi masitokinzi anga atsopano, pakati pa mzere wa saladi. Amayi anaika dzanja pamutu panga n'kupemphera mokweza kuti ndikafike bwino, ndisakadwale ndi mphepo, ndiponso ndisakabwere ndi mwamuna amene iwo sangathe kulankhula naye. Mzere wonse unayankha ameni, ngakhale anthu amene sankatidziwa. Nditaimirira ndinaona kuti amayi akulira, ndipo nanenso ndinalira mpaka pa eyapoti. Koma phazi lawo silinasunthe pamalo pawo.

Ndinali womaliza kukwera ndeke. Amene anandibayibitsa anali ba mulamu okha, ndipo anachita zimenezo ndi manja onse awiri, mkwiyo utawathera.

Za maphunziro a ku London sindinena zambiri. Kunali kuzizira, chakudya chinali chosakoleretsa mchere, ndipo anthu ankapepesa ngakhale iwe ndi amene wawaponda. Loweruka limene ndinapangana ndi a myuziyamu litafika, ndinavala bwino n'kupita. Pakhomo ndinaona anthu akungolowa, ena ndi ana, ena akudya maapulo. Panalibe wowafunsa kanthu. Komabe ine ndinapita pa tebulo la alendo n'kutchula dzina langa monga munthu wodziwa dongosolo.

Mzimayi wa pamenepo anawala nkhope. Anaimba kabelu, ndipo kunatulukira bambo wina wamtali, wa imvi, atanyamula kandodo kokhala ndi kansalu kofiira kumapeto. Anandigwira chanza mwaulemu waukulu n'kuyang'ana kumbuyo kwanga.

"Anzanu akutsika m'basi?" anafunsa.

"Anzanga ati?"

"Gulu lanu la ku Zambia. Anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi."

Pamenepo ndi pamene funso la pa foni lija linandifika lonse, mochedwa ndi milungu ingapo. Ndinawafotokozera kuti nambalayo ndi zaka zanga. Mzimayi uja anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Bambo wa imvi sanaseke. Anayang'ana kandodo kake kwa kanthawi, n'kunena kuti anakhala sabata yonse akuwerenga za dziko lathu kuti adzatilandire bwino, ndipo sakuona chifukwa chotayira zonsezo. Anakweza kandodo m'mwamba.

"Gulu la ku Zambia, nditsateni, chonde musabalalike," anatero.

Ndinamutsata. Ankalankhula ndi mawu a anthu ambiri, moti ankamveka mpaka chipinda chachitatu. Tikafika pa chinthu chilichonse ankaima n'kudikira pang'ono kuti a kumbuyo afike, kenako n'kufunsa ngati pali mafunso. Popeza panalibe wina, ndinkakakamizika kufunsa ine. Ndinafunsa za mafupa a chinyama chachikulu ngati nyumba, za mitembo yokulungidwa m'nsalu, za ndalama zakale zobooka pakati. Mafunso atandithera ndinayamba kufunsa amene amapukuta fumbi m'magalasi monsemo.

Tili m'chipinda cha miphika ndinazindikira kuti sitilinso awiri. Banja lina linali litatiphatikira, kenako amayi awiri okalamba, kenako anyamata a zikwama kumsana. Pofika kumapeto tinali khamu ndithu, ndipo bambo uja ankayenda monyadira, kansalu kofiira kakupepezeka. Atamaliza anauza anthuwo kuti ulendowu unakonzedwa ndi mayi uyu wochokera ku Lusaka, amene anaimba foni kuchokera kwawo. Anthu anandiombera m'manja. Mmodzi wa amayi okalamba aja anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ndimakonza maulendo oterewa Loweruka lililonse, chifukwa mng'ono wake angakonde kudzabwera.

Ndinamuuza kuti ndikaganizira. Kenako ndinakakhala pa benchi pafupi ndi chiboliboli china chopanda mutu, ndinavula nsapato, n'kupumitsa mapazi mpaka mlonda anabwera kudzandiuza kuti akutseka.