Timasamba Tisanu ndi Tiwiri

Anzanga, ine ndinaphunzira mbiri yakale zaka zinayi ku yunivesite, koma mbiri ya mwamuna mmodzi wa ku nazale ya maluwa ndinaiwala kuifufuza.

Tinakumana Lachiwiri masana. Ku ofesi anandituma kukagula maluwa otsanzikira abwana, ati poti ndine wophunzira ndisankha bwino. Ndinafika ndi lecture yanga yonse: rozi yofiira ndi chikondi, yachikasu kale inkatanthauza nsanje, ndipo anthu akale akapachika rozi kudenga, zokambidwa m'chipindamo sizinkatuluka kunja.

Iye ankamvetsera uku akunola kampeni. Manja ake zipsera zokhazokha.

"Achemwali, mwawerenga za pamwamba. Rozi ndi pansi."

Digiri yanga inangoti zii. Maluwa a abwana ndinagula, nambala yanga ndinaisiya.

Duwa lodula sanandipatsepo, ankati munthu sapatsa mnzake mtembo. Patatha miyezi itatu anandiitana mu shedi yake ya pulasitiki, motentha ngati m'kamwa. Anandiuza kuti ndisankhe rozi, ndinasankha yoyera. Anasenda kamphukira kake, n'kung'amba khungwa la tsinde lina lopanda maluwa, n'kukalowetsamo, n'kumanga ndi lastiki. Anati uku ndiye kumezanitsa: rozi yokongola imakhala yofooka, ndiye imabwereka mizu ya rozi yakutchire.

Anandipatsa mtengowo m'chitini. Ine selfie, caption, mitima mbwee... ena a inu munakomentapo, ndikukudziwani.

Zoti anali ndi mkazi amene anamwalira ndinkadziwa. Ankangoti "malemu", ine osafunsa zambiri, kuopa kuoneka wansanje ndi munthu wogona.

Rozi yanga inachita maluwa awiri. Kenako pansi pa chipsera cha pomezanitsa paja panatuluka nthambi ina, yowonda, yaminga yambiri, yothamanga kukula. Masamba a rozi yanga anali a timasamba tisanu, a nthambi yatsopanoyi tisanu ndi tiwiri. Ndinawerenga pa foni kuti nthambi yotere ndi ya muzu, ukaisiya imapha yomezanitsidwayo. Nditamuuza kuti ndiithyola, anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Msiye. Wangobwera kudzakuona."

Ndinaseka ndekha. Iye sanaseke.

Masabata amenewo anayamba kundigulira mafuta ena odzola, ati andiyenera. Anandipempha ndizipesa tsitsi chakumanzere. Za ukwati zinali zitayamba, ankhoswe atadziwitsidwa, ine ndikuyeza diresi.

Loweruka lina mlongo wake anabwera kudzandiona. Mayi wansangala, wophika makeke a maukwati, ndipo anali atalonjeza kale yathu. Atafika pakhonde anaona chitini, kuseka kunatha. Nthambi ija inali itachita kaduwa kotuwa, yanga yoyera ikuyoyoka masamba.

"Alamu, uyu wafika kale kuno?"

Anakhala pa sitepe n'kundiuza. Rozi yakutchire ija inadzalidwa pamanda pa malemu. Chaka chilichonse mwamuna uja amakadula timitengo pamenepo, n'kutimeretsa. Kenako anandinunkhiza paphewa, n'kuyang'ana tsitsi langa, n'kunong'ona kuti malemu ankanunkhira ndi kupesa chomwecho. Keke sanaitchule.

M'mawa mwake ndinapita ku nazale. Kuseri kwa shedi, kumene sankandilola kufika ati kuli mankhwala, ndinapeza zitini zinayi pamzere. Chilichonse chinali ndi kachikwangwani ka deti ndi mtundu: yofiira, yachikasu, yapinki, yaolenji. Pamwamba pa zonse panali ziputu zouma. Pansi, nthambi zowonda zija zili biriwiri, timaluwa totuwa titayang'ana kwa ine. Pamapeto pa mzere panali malo osesedwa bwino, okwana chitini chimodzi.

Anandipeza nditaima pomwepo. Sanadzidzimuke.

"Akazi enawo anabweza zitini. Analibe chipiriro. Koma iwe wagwira bwino, malemu akukukonda."

Ndinamufunsa ngati anayamba wandikondapo ineyo, wa pamwambane. Anaganiza kaye, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti duwa ndi la nyengo.

Diresi ndinalisiya kwa telala. Chitini sindinabweze, sindinafune kukadzaza mzere wa munthu. Ndinazula mtengo wonse, kuutentha, dothi kukataya kutali. Ndinasamuka nyumba, tsitsi ndinameta.

Anzanga, munthu akakupatsani duwa musathamangire kufunsa tanthauzo la mtundu wake. Funsani kuti mizu ndi ya ndani.

Lero m'mawa ndimathirira anyezi wanga pawindo, m'chitini chatsopano, dothi logula m'sitolo. Pakati pake pamera kanthu kaminga.

Ndawerenga timasamba katatu.